Dzuwa linalowera kumbuyo kwathu

Mwana wanga Asiyatu ankafuna chinthu chimodzi pa tsiku la ukwati wake: chithunzi chojambulidwa dzuwa likulowa m'madzi. Mkamwini wanga, yemwe kwawo n'ku Malindi, kum'mawa kwa nyanja, analankhula mwaulemu: "Bambo, tipite tsidya lakwathu. Mbali ino dzuwa limalowera kumapiri."

Ndinamukalipira pagulu, mpaka kumutchula kuti iwe. "Nyanjayi ndinayamba kuiona iwe usanabadwe! Tikupita ku Nkhudzi."

Titafika tinandandana pamchenga, maso kunyanja. Dzuwa linali kumbuyo kwathu. Linatsetserekera kuseri kwa phiri ife tikuyang'ana madzi otuwa. Asiyatu anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

"Bambo a Asiyatu, kodi lero lasintha njira?" anandifunsa mkazi wanga.

M'malo mopepesa ndinatembenukira wojambula, munthu wosalakwa, n'kumunena kuti watichedwetsa. Linali bodza. Ku Nkhudzi ndinkangopitako m'mawa kokagula nsomba, ndipo dzuwa ndinkaliona likutuluka basi.

Loweruka likubwerali tonse tikupita ku Malindi, diresi la ukwati ndachapitsa kale. Ndikapepesa mkamwini pamaso pa anthu omwewo, ndipo malo oimirira akasankha ndi iyeyo. Ine ndikanyamula nsapato za mkwatibwi, pakamwa nditatseka.