Kalaliki wa Zala Zinayi

Ana asukulu amawatchula kuti a Chakachanji, chifukwa ukangoyamba kuyankha funso, iwo amakudula pakamwa: "Chaka chanji?" Aphunzitsa mbiri pasekondale imodzimodziyo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Nyumba yawo ili mkati mwa mpanda wa sukulu, yachiwiri kuchokera pampopi. Pakhonde pake pamakhala bambo awo, nkhalamba ya maso a ng'ala imene imakwezera dzanja aliyense wodutsa.

Zaka zonsezo njira yawo inali imodzi. Ankatsegula kope long'ambika chikuto n'kumawerenga, ana n'kumalemba. Mafumu akutali, nkhondo zakutali, mapangano a anthu amene mafupa awo anaola kale. Mbiri yotereyi siluma munthu.

M'nyengo yozizira ya chaka chatha anawatumiza kumaphunziro a sabata imodzi, ndipo anabwerako ndi njira yatsopano. Anauza ana a Fomu 3 kuti patchuthi aliyense akapeze munthu wachikulire, akamufunse za chinthu chimodzi chimene anachiona ndi maso ake. Malamulo anawalemba okha pabolodi: lemba monga wanenera mwiniwake, mphunzitsi sasintha ngakhale liwu limodzi, aliyense adzawerenga yekha pamaso pa anzake.

Mapepala anabwera dzuwa litawaula udzu wonse wa pabwalo. A Chakachanji anakhala nawo m'chipinda cha aphunzitsi masana, malata akuthetheka, nyenje zikulira m'mitengo. Anawerenga za dzombe, za mlatho wokokoloka, za basi yoyamba kufika kumudzi wina. Ankamwetulira. Kenako anafika pa pepala la mtsikana wokhala kutsogolo, wolemba ndi dzanja lamanzere. Iye anafunsa agogo ake aamuna, amene kale anali telala pafakitale ya zovala.

"Ndinangonena kuti nsalu ya mbendera ndi yosalimba," agogowo anatero papepalapo. "Lachitatu kunabwera galimoto. Ndinakhala m'ndende zaka zinayi osaonekera kukhoti. Dzina langa analipereka ndi kalaliki wa pafakitalepo, uja wa zala zinayi kudzanja lamanja, amene makina anamudula chamkombaphala."

A Chakachanji analidziwa dzanjalo. Ndi lomwe linagwira lawo powaphunzitsa kulemba. Mwana aliyense wa pasukulupo ankalidziwanso, poti linkawakwezera moni m'mawa uliwonse popita kukatunga madzi.

"Achimwene, mwaona mzukwa?" anafunsa mphunzitsi wa masamu, akudzikupiza ndi kope. "Kapena kalembedwe ka anawa kakupwetekani m'mimba?"

"Kutenthaku," anayankha, n'kuvundikira pepalalo ndi chigongono.

Panali masiku atatu lisanafike Lachisanu, tsiku lowerenga. Mapepala amatayika, aliyense amadziwa zimenezo. Belu limathanso kulira mwana asanafikiridwe. Njira zonsezi anaziyenda m'mutu, n'kubwerera pomwepo. Kunyumba ankadutsa pakhonde mofulumira ngati pali njoka, bambo awo akafunsa za mitambo iwo n'kuyankhira m'kati mwa nyumba.

Akazi awo anaona. "Bambo a ana, mbale ikubwerera momwe yapitira. Mwatani?"

Anawauza, monong'ona, kuseri kwa khitchini.

"Ng'ambani," anatero mayiwo. "Mukufuna ana azigenda apongozi anga pakhonde? Munthu sakuona n'komwe."

"Lamulo ndinalemba ndekha."

"Ndiye fufutani nokha. Si choko?"

Lachinayi a Chakachanji anamuitanira mtsikana uja pansi pa mtengo umene unali utayoyola masamba onse, wopanda mthunzi woti munthu n'kubisalapo nkhope.

"Mwanawe, walemba bwino. Koma apa pa zala, sungangodumphapo? Sipakuwonjezera kanthu."

Mtsikanayo anayang'ana nsapato zake. "Aphunzitsi, munati simusintha liwu."

"Agogo ako akudziwa amene amakuphunzitsa?"

"Akudziwa. Anandiuza kuti pamenepo ndiwerenge pang'onopang'ono."

Lachisanu mitambo inaunjikana kumadzulo, koma mvula sinagwe. M'kalasi munali fungo la thukuta ndi fumbi. Ana asanu anawerenga, anzawo akuseka ndi kuwomba m'manja. Wachisanu ndi chimodzi anali mtsikana uja. A Chakachanji anayang'ana wotchi: panatsala mphindi makumi awiri. Akanatha kuzidya ndi mafunso. M'malo mwake anamva pakamwa pawo pakutchula dzina lake.

Mtsikanayo anawerenga monga anauzidwira. Atafika pa zala zinayi, mitu inayamba kutembenukira kuwindo, umodzi umodzi, mpaka kalasi yonse inkayang'ana khonde lija. Nkhalambayo inali pampando wake, ikupirikitsa ntchentche.

A Chakachanji anatembenukira ku bolodi. Chimene chinawatsalira chinali mafunso atatu amene anaphunzira kumaphunziro kuja, ofunsa pa umboni uliwonse.

"Akulankhula m'nkhaniyi ndani?"

"Telala," anayankha angapo.

"Ndi ziti anaona ndi maso, ndi ziti anangouzidwa?"

Wina anati galimoto ndi ndende telalayo anaziona, koma za kalalikiyo sananene kuti anazidziwa bwanji. Mtima wa mphunzitsiyo unakangamira pamenepo ngati munthu womira. Akanaimira pomwepo. Koma funso lachitatu linali kale pabolodi, lolembedwa ndi dzanja lawo, ndipo ana ankaliwerenga.

"Ndi mawu a ndani amene sakumveka?"

Mtsikana uja anali asanakhale pansi.

"A kalaliki," anatero. "Ali moyo, aphunzitsi. Angathe kufunsidwa."

Belu litalira palibe anathamangira kunja. A Chakachanji anatenga pepala losalembedwa n'kudutsa pabwalo, maso makumi anayi ndi mphambu ali pamsana pawo. Anakhala pansi, pasimenti yotentha, pafupi ndi mapazi a bambo awo, n'kufotokoza zonse.

Atamaliza, nkhalambayo inafunsa:

"Telala uja akadali moyo?"

"Ali moyo, bambo."

"Uli ndi cholembera?"

"Ndili nacho."

"Pepala limodzi silikwana, mwana wanga. Sanali yekha. Amene ndinapereka mayina awo analipo khumi ndi anayi."