Botolo Lonunkha Thaulo Lonyowa

Pahotela paja aliyense ankawatchula a Mphuno, ndipo sikunali kuwanyoza ayi. Mphuno yawo inali ngati ya wina aliyense, koma ntchito yake inali ina. Akatsegula botolo la vinyo, n'kuthira pang'ono m'galasi, n'kulizunguza kawiri, ankatha kukuuzani ngati vinyoyo akufuna nsomba kapena nkhuku, ngakhalenso kuti anagona pamalo otentha. Mowa sankamwa. Ankalawa, n'kulavulira m'kachitini kawo, basi. Anayamba ntchito ngati wotsuka magalasi, ndipo anakwezedwa pantchito tsiku limene anakana kupereka galasi loyera mbee chifukwa choti linkamveka fungo la kabati. Kuchokera pamenepo panadutsa zaka makumi awiri ndi zitatu, onse akuwagwadira.

Ulemerero wawo weniweni unkaoneka m'chilimwe. Lamlungu lililonse hotelayo inkayala matebulo pakhonde lalikulu, pansi pa maambulera, kuti anthu odzuka mochedwa adye chakudya chija chimene si kadzutsa komanso si nkhomaliro. Lamulo la a Mphuno linali limodzi: dzuwa likakwera, vinyo apepuke. "Vinyo wofiira wolemera padzuwa ili, n'chimodzimodzi kufunda bulangete masana," ankatero. Mazira okazinga m'batala ankawapatsa vinyo wa thovu, ati thovulo limatsuka mafuta pakamwa. Nsomba ya mandimu inkapita ndi woyera wowawasa pang'ono. Nkhuku yozizira ndi tomato, wofiirira uja wooneka ngati madzi a chivwende. Zipatso, wotsekemera koma wosalemera. Mlendo akaumirira wofiira, iwo ankamwetulira, n'kumuthirira kadontho ka woyera kuti angolawa kaye, ndipo kawirikawiri nkhani inkathera pomwepo.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. M'nyengo yozizira anadwala chimfine, chimfine wamba chimene mwana amapita nacho kusukulu. Anachira, koma fungo silinabwerere. Anazindikira tsiku lina ali kunyumba, atakhala pafupi ndi mkaka umene unkapserera pamoto, iwo ali phee kuwerenga nyuzipepala, mpaka akazi awo anathamanga kuchokera panja akukuwa. Kuchipatala anawauza kuti mwina libwerera, mwina ayi. Lilime linatsala ndi zinthu zitatu zokha: chowawasa, chotsekemera ndi mchere. Vinyo yense anasanduka madzi ozizira owawasa.

Abale, munthuyu anachita mantha. Anali ndi zaka makumi asanu ndi mphambu, ndipo ntchito ina sankaidziwa. Woperekera vinyo wopanda fungo angamusungirenji? Anasankha kukhala chete. Mabotolo onse ankawadziwa pamtima, ndiye ankazunguza galasi, kutseka maso, n'kunena mawu omwe aja a masiku onse, alendo n'kumagwedeza mitu. Chinthu chimodzi chokha n'chimene mutu sukanawathandiza. Mwa mabotolo ambiri pamapezeka limodzi loonongeka ndi chitsekerero chake. Kunja limaoneka bwino, mtundu wa vinyo uli bwino, koma limanunkha chinyontho, ndipo amalizindikira ndi mphuno basi.

Ndiye anabwereka mphuno ya akazi awo. Mayiwo ankagwira ntchito pahotela pomwepo, m'chipinda chochapira kuseri kwa khitchini, ndipo anali asanalawepo vinyo chibadwire, munthu wa kwaya. Anavomera monyinyirika. A Mphuno ankati akatsegula botolo, ankazemba ndi galasi atalibisa pansi pa nsalu, kudutsa pakati pa mafiriji, n'kukalowetsa dzanja pakhomo la kochapira. Mayiwo ankaimika simbi, kununkhiza, n'kunena m'mawu awo.

"Apulo wosapsa. Ali bwino, pitani."

"Uyu nanga?"

"Maluwa ndi khungu la ndimu. Koma bambo, mpaka liti? Munthu wamkulu kumazemba ngati wakuba nkhuku!"

"Fungo libwerera, mayi. Tangopirirani."

Anapirira miyezi inayi.

Lamlungu limene zinathera linali lotentha kwabasi, ayezi akusungunuka m'ndowa asanafike n'komwe patebulo. Pakona ya khonde panali tebulo la mayi adokotala, gogo wopuma pantchito amene wakhala akudya pamenepo zaka zoposa khumi. Tsikulo ankakondwerera kubadwa kwawo, ali ndi ana awo atatu ndi apongozi. Kalekale anali atapempha vinyo wina woyera amene malemu amuna awo ankamukonda, woti adyere nsomba ya batala ndi mandimu. M'chipinda chosungira munatsala botolo limodzi lokha, ndipo a Mphuno eni ake ndiwo analibisa kuseri kwa ena chaka chathunthu, n'kulonjeza kuti lidikira tsikuli.

Analitsegula, n'kuthamangira kochapira. Akazi awo ananunkhiza, nkhope n'kukwinyika.

"Iyayi, bambo. Thaulo lonyowa ili. Lija loiwalika pansi pa dengu masiku atatu."

"Sizingatheke. Tanunkhizaninso."

"Ndamva kale."

"Mwazunguliridwa ndi mathaulo muno, chilichonse chizikununkhirani thaulo!"

Mayiwo sanakangane nawo. Anatenga galasilo, kutuluka nalo pabwalo loyanikira, kupuma mpweya wa panja, n'kununkhizanso. Anabwerera akupukusa mutu. "Thaulo ndithu. Musawapatse gogo aja."

A Mphuno anaima thukuta lili kamukamu. Maganizo ankawathamanga. Kukana botolo lotere kunkafuna kuti aitane manijala adzamve yekha. Nanga akadzanunkhiza n'kupeza kuti lili bwino? Bwenzi atadziulula okha, pamaso pa khitchini yonse. Analawa. Linali lozizira, lowawasa, ngati ena onse. Mantha aja anasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyo umagwera amene ali pafupi.

"Kodi munthu wochapa zovala angadziwe chiyani za vinyo? Zaka makumi awiri ndi zitatu ine, mundiphunzitse inu?"

Mayiwo anaika galasi patebulo lositira, pang'onopang'ono. "Chabwino, a Mphuno," anatero, n'kutenganso simbi yawo. Chikwatiranireni anali asanawatchulepo dzina la kuntchitolo. Linawabaya, koma anatuluka. Chosamva adachiphikira m'masamba.

Patebulo anachita zonse mwaulemu wake. Anaonetsa botolo, kupukuta kukamwa kwake, kuthira. Nsomba inali itafika kale, ikutuluka nthunzi. Mwana wamkulu wa adokotala anafulumira kumwa, n'kumeza movutikira, n'kuyang'ana mkazi wake. Gogowo anakweza galasi, n'kununkhiza. Kenako analitambasulira kwa a Mphuno.

"Tandiuzeni, achimwene, mukumva chiyani umu?"

Akanatha kuvomera pomwepo. Koma thupi linachita zimene linazolowera. Anazunguza galasi kawiri, kutseka maso, kulowetsa mphuno. "Maluwa a mandimu, mayi, ndi kauchi patalipatali. Ndendende mmene bambo ankamukondera."

Atatsegula maso anapeza gogowo akuwayang'ana, osati mwaukali, koma mmene dokotala amayang'anira munthu amene walowa akunena kuti ali bwino. Anawakodola kuti aweramire pafupi.

"Chiyambireni papita nthawi yanji?" anafunsa motsitsa mawu.

Manyazi amene anawagwira sanawamvepo chibadwire. "Miyezi inayi, mayi."

"Ndi chimfine?"

"Eya."

"Pepani kwambiri." Gogowo anatembenukira kwa ana awo, mawu n'kukwera. "Botolo latikana ili, lakalamba ngati ine. Achimwene, tipatseni wa thovu uja, nsomba isazizire." Onse anaseka, nkhani n'kupita kwina. Koma pamene a Mphuno ankachotsa galasi, gogowo anawagwira padzanja. "Ine sindikanena kwa aliyense. Koma inu mukanene. Botolo limeneli ndalidikira chaka, ndipo mukanandiuza kuti laonongeka ndikanangodandaula. Chandiwawa n'choti mwandiuza kuti muli maluwa."

Mawu amenewo anayenda nawo mpaka tebulo lomaliza litanyamuka. Anathira wofiirira pa nkhuku, wotsekemera pa zipatso, manja akugwira okha ntchito. Maambulera atapindidwa anakagogoda pa ofesi ya manijala, n'kunena zonse ali chiimire: chimfine, chipatala, khomo la kochapira. Manijala anamvetsera akusewera ndi cholembera. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Ndiye miyezi inayi alendo anga akhala akuwasankhira vinyo ndi mayi a kochapira?"

"Kusankha ndimasankha ndine, bwana. Iwo amangondimvera fungo. Ndipo sanalakwitsepo."

"Mmm. Pitani kaye. Tikambirana mawa."

Aliyense amene wagwirapo ntchito amadziwa kuti mawa la mtundu umenewo silibwera ndi zabwino kawirikawiri.

Kochapira kunali kotentha kuposa panja. Makina anali atazimitsidwa, anzawo a mayi aja ataweruka, iwo okha akumaliza kusita nsalu za pamatebulo. Galasi lija linali pomwe analisiya. Sanatembenuke.

"Linali thaulo," anatero a Mphuno.

Simbi inapita, n'kubwerera.

"Ndakulakwirani, mayi. Mawu aja sanali oti ndikuuzeni inu. Kwa bwana ndanena zonse."

"Ati chiyani?"

"Ati mawa."

Mayiwo anagwedeza mutu. Mkwiyo unali usanathe, ndipo ndani angawadzudzule? Pamsomali pafupi ndi chitseko panali juzi yakale ya mayiwo imene ankavala m'mawa popita kuntchito. A Mphuno anaitenga, kuikwinya m'manja, n'kukwiriramo nkhope. Anakoka mpweya kamodzi, kawiri, katatu, mwamphamvu, ngati kuti fungo lingabwere pokakamiza. Munalibe kanthu. Ataichotsa, maso anali atafiira.

"Vinyo apite, mayi, ndilibe naye mawu. Ntchito kaya. Koma zaka zonsezi ndikangotsegula chitseko kunyumba ndinkadziwa kuti mulimo ndisanakuoneni. Sopo uja, ndi nsalu yotentha. Panopa ndimalowa, nyumba ili zii ngati mulibe munthu, mtima n'kugunda, mpaka ndikuoneni ndi maso. Chimene ndimaopa kunena n'chimenecho."

Simbi inaima. Mayiwo anaizimitsa pakhoma, n'kukhala kanthawi atapereka msana, akupukuta nkhope ndi kuseri kwa dzanja. Kenako anatenga nsalu yaikulu ya patebulo, ija yosapindika ndi munthu mmodzi, n'kuwapatsa amuna awo nsonga ziwiri.

"Ndiye muzindiyang'ana, bambo," anatero. "Gwirani bwino, isakhudze pansi."

Mayiwo anabwerera m'mbuyo mpaka nsalu inakungika, kenako anayamba kuyenda kudza kwa amuna awo.