Phewa la Ba Levy

Ba Levy Sakala sakhulupirira munthu aliyense wonyamula pepala ndi cholembera. Bambo awo anachoka ku Petauke kudzagwira ntchito ya njanji, Ba Levy n'kubadwira m'Kafue momuno. Asenza matumba zaka 26 panyumba ina yosungiramo katundu kumafakitale, ndipo aona okha kuti pepala likafika, wina amapita kwawo.

Tsono Lachiwiri lina kunabwera mtsikana wa nsapato zothamangira, dzina lake Gwendolyn, ati kudzayeza mphamvu za antchito. Munthu ankagwira pakatoni yoyala pansi n'kumatsika ndi kukwera, mapushapu aja, iye akuwerenga mpaka munthuyo atatopa.

"Ni va umoyo chabe, batate," anatero. "Mukalema, muleke."

Ba Levy anangomuyang'ana. Zaumoyo zanji zobwera ndi mndandanda wa mayina? Komatu anali ndi chifukwa choopera. Phewa lawo lakumanzere linali likuwawa chaka chachiwiri tsopano. Ankasenzera kumanja, mankhwala ankapakira kubafa, moti ngakhale akazi awo, Ba Mainess, sankadziwa. Mabwana akanangomva, ntchito ikanathera pomwepo.

Anzawo ankati akafika makumi awiri, n'kudzigwetsa pansi akuseka. Ba Levy anaona kuti msampha ndi umenewo: mtsikanayu akufuna amve amene anene ndi pakamwa pake kuti watopa. Iwo mawu amenewo sanawatchulepo pantchito chiyambire, ndipo sakanayambira pamaso pa mwana wadzulodzuloyu.

Makumi awiri anadutsa bwinobwino. Pa makumi atatu phewa linayaka moto.

"Yakwana, batate, mwapitilila bonse," anatero Gwendolyn.

Kukoma mtima kumeneko iwo anakuyesa nyambo, basi n'kupitiriza. Thupi linayamba kupendekera kumanja, chigongono chakumanzere chikuthawira kunja uku chikunjenjemera. Pa 38 mkono unakana, iwo n'kugwa ndi chibwano.

"Sininaleme," anatero akupumira m'mwamba. "Ni katoni iterera."

Gwendolyn analemba nambalayo, kenako anagwada pafupi n'kutsitsa mawu.

"Sembe munalekela pa twente, sembe sininaone vilivonse. Iyi phewa inayamba liti kubaba?"

Mantha anawagwira, manyazi n'kubwera pambuyo.

"Musalembe, mwana wanga," ananong'ona.

Mtsikanayo anaimirira. Anawauza kuti apite kuchipatala sabata yomweyo, ndipo m'mizere ya ndemanga sanalembemo kanthu. Ba Levy anadabwa, koma sanathe kuthokoza, chifukwa kapitawo anali atafika kale n'kutenga pepalalo. Anatsika nalo ndi chala mpaka pa dzina lawo, n'kuseka mokondwa.

"Ba Levy, kansi tenze kukusungilani pansi mahala. Kuyambila mailo muzankhala ku malole."

Kumalole, komwe ankayenera kukayamba mawa lakelo, thumba saliika paphewa. Amalikweza ndi manja onse awiri kupitirira mutu, kuyambira m'mawa mpaka lole yomaliza itadzaza.