Mkamwini Wophunzira za Nyumba za Eni

Gerishomo ndi munthu wosayankhulayankhula, moti ngakhale agalu a m'mudzi wa mkazi wake, kwa Kuntumanji, adachedwa kumuzolowera. Adabwera kudzakwatira Leah, n'kumanga nyumba ya njerwa zootcha pamalo a apongozi ake, monga achitira mkamwini aliyense. Ankalima mpunga kusikimu ya Likangala, koma mtima wake unali kubanki. Loweruka lililonse ankapalasa njinga mpaka ku Zomba kukaphunzira za ngongole zogulira ndi kumangira nyumba: kuyerekeza mtengo wa nyumba, kufufuza mwini malo, kuona ngati wobwerekayo adzakwanitsa kubweza.

Alamu ake ankamuseka. "Alamu, sukulu ndi ndevu zonsezo? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mpunga ukutha ndi mbalame uko!" Womumvetsera anali Leah yekha. Akamapeta mpunga pakhonde ankamufunsa zomwe waphunzira, ngakhale zambiri sankazimvetsa.

Leah adamwalira m'dzinja lathali, osasiya mwana. Gerishomo adapitiriza kuwerenga mokweza pakhonde lomwelo, n'kumaima pang'ono ngati wina amufunsa kanthu. Zinkamvetsa chisoni, ndipo anthu ankangodutsa ngati sakumva.

Atakhoza mayeso, banki ina ya ku Blantyre idamuitana kuti akaphunzire ntchito miyezi ingapo, ikakhutira naye imulembe. Apa mpamene a Jafeti, amalume ake a Leah, adamukhazika pansi.

"Bambo, sitikukuthamangitsani ayi," adatero. "Mukakhala, khalani. Koma mukapita, ndiye kuti takusudzulani. Nyumba siikhala yopanda munthu, komanso Memory, mng'ono wa malemuyu, akupanikizana ndi ana m'kachipinda kamodzi."

Gerishomo sadatsutse. Akadatsutsa bwanji, poti sukulu yake yomweyo idamuphunzitsa kuti nyumba imatsata mwini nthaka? Adaganizaganiza. Kukhala kunali kutaya zonse zimene adavutikira ndi Leah. Kupita kunali kusiya malo okhawo omwe ankamvabe kuti mkazi wake ali pafupi. Adasankha kupita.

Tsiku lonyamuka adasesa m'nyumba monse, n'kumangirira chikwama panjinga. Potuluka adakoka chitseko, nayamba kufunafuna kiyi m'thumba mwachizolowezi. Memory anali ataima kale pabwalo, mphasa pamutu, ana m'mbuyo.

"Alamu, musavutike n'kukhoma," adatero mwaulemu. "Tikulowa pompano."