Wakuba Ng'ombe ndi Mkono Wothyoka

Nditamaliza maphunziro a unamwino, boma linanditumiza pa chipatala chaching'ono cha kumidzi ya ku Nthalire. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo pofika kumeneko Chitumbuka chomwe ndinkadziwa chinali "monire" ndi "yewo" basi. Amene anandiphunzitsa zotsalazo anali mayi ena a kutchalitchi komwe ndinkapemphera, akazi a mkulu wampingo. Anali aafupi, a mawu aakulu ngati a mwamuna, ndipo Chichewa chawo chinkatuluka chosakanizika, koma tinkamvana bwino. Iwo ankanditchula kuti "anesi", ine ndinkawatchula kuti "mama" monga ankachitira aliyense.

Banja lawo linali ndi ng'ombe ziwiri zapagoli. Ndizo zinkalima munda wawo, kututa chimanga, ngakhale kubweretsa odwala pangolo mvula ikadula msewu. M'mawa wina m'chilimwe khola linapezeka pululu. Amuna a m'mudzimo analondola mapazi kulowera kumalire a Zambia. Ng'ombezo sanazipeze, zinali zitaoloka kale. Anapeza munthu mmodzi yekha, yemwe anzake anamusiya m'tchire atabinya phazi, chingwe cha ng'ombezo chikadali m'manja.

Dzuwa lili paliwombo ndinamva chiphokoso chikuchokera kumsika. Ndinali ndikuyeza mayi woyembekezera. Ndinasuzumira pazenera, ndipo ndinaona fumbi ndi khamu la anthu likubwera cha kubwalo lomwe linali pakati pa chipatala ndi magolosale. Ankafuula mawu amene ndinali nditawadziwa kale tanthauzo lake: "Munkhungu! Mukomeni!" Wakuba, mupheni.

Ndinatuluka magulovesi ali m'manja. Munthuyo ankamukoka ndi chingwe chomwe chija, atamumanga nacho m'chiuno. Malaya analibe. Akagwa, ankamudzutsa ndi mateche. Akadzuka, ankamugwetsa ndi mipini. Bambo wina anamutema paphewa ndi chikwanje, mnofu n'kutseguka ngati papaya. Mayi wina wogulitsa tomato, amene dzulo lake ndinamubayira mwana wake katemera, anatola chidutswa cha njerwa n'kumuponya nacho pankhope. Ndinamva kulira kwake kwa njerwayo itafika padiso. Munthuyo sanakuwenso, ankangotulutsa kamawu ngati ka mbuzi yomwe aipana pakhosi.

Ndinafuula kuti amusiye, ndinatchula apolisi, koma mawu anga anamira. Apolisi anali kutali, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Mnzanga wogwira naye ntchito anandigwira mkono. "Anesi, bwererani. Mukalowapo akupherani limodzi."

Kenako wina anagubuduza tayala lakutha. Wina anapopa petulo mu njinga yamoto n'kudzaza botolo. Anamuveka tayalalo m'khosi n'kumukhuthulira petuloyo m'mutu, ndipo fungo lake linafika mpaka pakhonde pomwe ndinaima. Khamu linafutukuka, likusiya malo oti moto uyake. Amene anatsala pakati anali mwini ng'ombe, mkulu wampingo uja, munthu amene Lamulungu lililonse ankatigawira mkate ndi chikho ndi manja odekha. Tsiku limenelo nkhope yake sindinaizindikire. Dzanja lina anagwira mpini wa khasu, m'dzanja linalo munthu wina anamufumbatitsa bokosi la machesi.

"Ng'ombe n'zanu, dada! Yatsani ndinu!" anatero anthu.

Anaika machesiwo m'thumba la malaya kaye, nati akufuna amumenye komaliza ndi dzanja lake. Anakweza mpini uja ndi manja onse awiri.

Sindinaone komwe mama anachokera. Ndinangoona chitenje chikudutsa pakati pa miyendo ya anthu, kenako iwo atadzigwetsa pamwamba pa wakubayo, dzanja lamanja atalikweza. Mpini unali utanyamuka kale. Unatera pamkono wawo, ndipo phokoso lake linali ngati la nkhuni youma ikamathyoka. Mkonowo unapindika pomwe palibe mfundo.

Sanalire. Anakumbatira mutu wa munthuyo ndi dzanja lotsalalo, petulo ndi magazi zikulowerera m'bulauzi mwawo, n'kuyang'ana amuna awo m'maso.

"Yatsani," anatero. "Yatsani, tipse tonse."

Mwala wina wochokera kumbuyo unawapeza pamphumi, magazi n'kutsikira m'diso. Panali anyamata amene ankafuna kuwakoka miyendo kuti awachotsepo, koma palibe anayerekeza kugwira mkazi wa mwini ng'ombe mwiniwakeyo ali chiimire pomwepo. Bamboyo anayang'ana mkono wa mkazi wake, anayang'ana mpini, kenako anautaya n'kukhala pansi pafumbi ngati munthu woledzera. Phokoso linayamba kuzilala. Ena anatukwana, ena analavula, ambiri anayamba kuchoka mmodzimmodzi osayang'anana.

Ine ndi mnzanga uja tinawanyamula onse awiri. Chipinda chosokera zilonda chinali chimodzi, choncho anagona moyandikana. Ndinayamba ndi wakubayo chifukwa ankataya magazi kwambiri. Ndinamutsuka petulo, ndinamusoka paphewa ndi m'mutu, ndinamuika diripi. Diso lakumanzere linali litaphulika, panalibe chochita koma kuphimbapo. Mama ndinawamangirira mkonowo ku kathabwa n'kuwabaya jakisoni wopha ululu. Ambulansi ya ku Boma tinaiitana, koma ndi msewu wa kumeneko tinkadziwa kuti tidikira.

Pamene ndinkawasoka mama pamphumi, mantha anga anasanduka mkwiyo.

"Mama, mukanafa inu. Kufera munthu amene wakuberani?"

"Sokani bwino, anesi, musandiipitse nkhope," anatero. Anapuma pang'ono. "Munthu uyu sindikumudziwa, ndipo sindikumukonda. Ng'ombe zija ndinazilera ndine. Mtima ukundiwawa kuposa mkonowu."

"Nanga munadziponyeranji?"

"Tsiku lililonse ine ndi adada anu aja timagwada n'kupempha kuti ufumu wa Chiuta ubwere. Lero pabwalo paja mafumu anachuluka. Aliyense wogwira mwala anali mfumu, akuweruza yekha, akupha yekha. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti kodi Mfumu yathuyo ili ndi munthu wake pano? Onse aja ndi obatizidwa, anesi, ena timaimba nawo kwaya. Palibe anasuntha. Ndiye ndinati basi, kapena wotsala ndine."

Ndinadula ulusi.

"Komanso tamverani," anapitiriza, mawu atatsika. "Ine kumwamba ndikufuna kukalowa, ndipo sindikufuna kukalowa ndekha. Bambo aja ndakhala nawo kuyambira ndili mtsikana. Akanayatsa machesi aja, ng'ombe zikanabwerera? Ndikanaluza ng'ombe, ndikanaluzanso mwamuna. Akanamadya nane, kugona nane, koma ali munthu wootcha mnzake. Kumeneko akanakalowa bwanji ndi fungo limenelo?"

Wakubayo anali maso. Sindikudziwa kuti anamva zochuluka bwanji. Anatembenuzira nkhope kukhoma, mapewa ake akugwedezeka.

Ine ndinakulira m'tchalitchi, koma ufumu wakumwamba ndinkaumva pamaliro pokha. Kwa ine unali malo akutali opumulirako akufa, mawu otonthozera amasiye bokosi likamatsika. Sindinaganizepo kuti ufumu umatanthauza kuti pali wina wolamula, ndipo kuti lamulo lakelo limagwira ntchito ngakhale masana a tsiku la msika, munthu uli ndi chifukwa chomveka chophera mnzako. Mama sankausiyanitsa ufumu umene adzalowe ndi umene ankaumvera kale. Kwa iwo unali umodzi, ndipo tsiku limenelo anaulipirira ndi fupa.

Ambulansi inafika dzuwa litapendeka, apolisi ali momwemo. Anawatenga onse awiri. Wakubayo anachira, anazengedwa mlandu, anamangidwa. Anzake sanawaulule, ndipo ng'ombe zija sizinaonekenso. Mkono wa mama unalumikizana mokhota, zala ziwiri zinafooka mpaka kalekale. Mtondo sanasinjenso, ndowa ankaitukula ndi dzanja limodzi.

Musaganize kuti anthu anawayamikira. Patangopita miyezi yochepa ng'ombe zina zinabedwa m'mudzi woyandikana nawo, ndipo ambiri anati ndi chifukwa cha iwo, akuti akuba anamva kuti kuno sitiotcha. Amayi ena anasiya kuwapatsa moni kumjigo. Ngakhale mumpingo munali ong'ung'udza kuti mzimayi anachititsa manyazi mwamuna wake pagulu. Iwo sankadziteteza. Ankangobwera Lamulungu, n'kukhala pa benchi yawo ya nthawi zonse, kuimba ndi mawu awo aakulu aja.

Amuna awo anapempha okha kuti ayambe apuma paudindo. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo kwa nthawi yaitali ankandizemba. Tikakumana panjira ankangoti "yewo, anesi" maso ali pansi. Anthu ankawaseka chifukwa anayamba kupita okha kuchigayo ndi kumjigo, ntchito zimene mwamuna wa msinkhu wawo kumeneko sagwira.

Tsiku lina mvula itayamba anabwera kuchipatala kudzatengera mama mankhwala, chifukwa mkono uja unkawawa kukazizira. Ndinawapatsa mapilitsi, ndinawafotokozera kamwedwe kake. Anayamika n'kunyamuka, koma atafika pakhomo anaima, chipewa akuchipotokola m'manja.

"Anesi," anatero osanditembenukira, "munthu uja, diso linalo likuona?"

Ndinawauza kuti inde, pochoka pano linkaona, ndipo a ku Boma anandiuza kuti silinavulale.

Anagwedeza mutu kangapo. Anaoneka ngati akufuna kunenanso zina, koma wodwala wotsatira anali ataimirira kale pabenchi. Anavala chipewa chawo n'kutuluka mvula ikuwaza.