Mlandu wa moto wa pansi pa dziko

Ndikukumbukira sukulu yathu ya pafamu ya malalanje kufupi ndi Glendale, nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu, pamene akuluakulu ankalankhula monong'ona ngakhale pofunsana mchere. Kalasi inali shedi yakale ya feteleza, ndipo fungo lake linkatiperekeza mpaka kukomboni. Aphunzitsi athu anali a Gwenzi, Mshona wowonda wokonda mapu kuposa sadza, nsima ya kumeneko.

Tsiku lina anabwera ndi lalanje. Analisenda, n'kubwezera makoko pamwamba pake, n'kumawasuntha ndi chala. Anati dziko lili chomwecho: zigamba zikuluzikulu zokhala pa miyala yotentha, zoyenda pang'onopang'ono ngati mmene chikhadabo chimakulira. Anati ngakhale Afilika ndi Amereka kalekale zinali zogundizana, kenako n'kulekana. Pamene zigambazo zagundana kapena kusiyana, moto umatulukira m'mapiri. Mapiri ena amangochucha phala lamoto, ena amaphulika, ena ali m'tulo.

Ine ndinali mtsikana wapakamwa. Madzulo ku mpope ndinalengeza kwa amayi onse a pamzere: "Aphunzitsi akuti dziko likusuntha! Pansi pali moto, ndipo ogona adzadzuka!" Amayi anga ananditsina mpaka misozi.

Mawuwo anafika kwa a Zuze, kapitawo wathu wa ku Tete, munthu woopa ngakhale kutsokomola kwa mbuzi. M'mawa anakauza bwana, mzungu mwini famu, kuti aphunzitsi akudyetsa ana nkhani za vakomana, anyamata omenya nkhondo m'tchire aja.

Bwana anatiitanira pakhonde la ofesi: a Gwenzi, ine monga mboni, ndi bambo anga kumbuyo atavala kachisoti kawo ka kumzikiti, milomo ikugwedera ndi mapemphero. Patebulo panali mfuti ndi wailesi yoitanira apolisi a kutauni ya Concession. Tonse tinkadziwa kuti okwera galimoto ya apolisi si onse ankabwerera.

"Iwe mwana, nena zonse zimene unamva," anatero a Zuze, amene analinso womasulira.

M'mutu munali mbee. Ndinangoti, "Popanda lalanje sindingathe."

Bwana anatuma munthu kukathyola. Ndinalisenda, madzi ake n'kuthovukira m'diso la a Zuze, ndipo anamasulira phunziro lonse atatsinzina diso limodzi. Nditafika pa Afilika ndi Amereka kulekana, nkhope ya bwana inafiira, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Ndinayesa akwiya, koma kunali kuseka.

"Ndiye famu yangayi ikupita kuti?" anafunsa.

"Kum'mawa chakumpoto, bwana," anayankha a Gwenzi, thukuta lili kamukamu.

A Zuze anaiwala zomasulira. Malire anali otseka, ndipo kwawo anali asanapiteko zaka zambiri. "Aphunzitsi, kumeneko si ku Tete? Ndiye ndingokhala pompano, famu indifikitsa?"

"Pepani a Zuze, nako ku Tete kukuyenda. Tikungotsatana."

Mlandu unathera pomwepo, kungoti bwana analamula kuti kuyambira tsikulo tiziphunzira masamu ndi ulimi basi. Bambo anga anakhala sabata yathunthu osawapatsa moni a Zuze.

Lero famu ija inagawidwa, ndipo adzukulu anga amaonera mapiri akuphulika pafoni akutafuna maputi, popanda woitanidwa pakhonde la munthu. A Zuze anaikidwa kuseri kwa komboni osaonanso Tete. Ndikamadutsa pamanda awo ndimawauza kuti apirire, ulendo udakalipo.