Dengu la Matemba pa Njanji

Ndikukumbukira kuti zinayambira kumapazi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, wopanda nsapato, ndipo chitsulo cha njanji chinayamba kundinyerenyetsa kuchidendene ngati ndaponda nyerere. Sindinanene. Maganizo onse anali pa dengu la matemba lomwe amayi anandisenzetsa.

Chaka chimenecho madzi a nyanja za Chiuta ndi Chilwa anadzaza madambo onse, njira youma inatsala imodzi yokha, pamwamba pa njanji. Kale sitima inkaima pa siteshoni ya kwathu, n'kulira kaye isananyamuke, aliyense n'kupatuka. Koma siteshoniyo inali itatsekedwa, pakhonde pakugona mbuzi, ndipo sitima ya katundu inkangodutsa. Ife tinkayendabe mwakale, kudikira kulira.

Tili pakati pa kamlatho, madzi uku madzi uku, amayi anacheuka.

"Asiyatu, taya dengu! Dumpha!"

"Iyayi amayi, matemba!"

"Matembawo ndiwo anakubala? Taya!"

Sanadikire. Anakankha dengulo, n'kundikoka dzanja, tonse khuvu m'mabango. Madzi anandilekeza m'khosi, ozizira, onunkha matope. Pamwamba pathu mabogi a sitima ankangodutsa, osatha, mpaka mano kugundana. Matemba anali yandeyande ponseponse.

Titatuluka m'madzimo, ndinkadikira mbama. Amayi anangoyamba kundichotsa misundu m'miyendo. "Nsomba m'nyanjamu zilimo zina," anatero. "Nanga iwe wina ndikamutenga kuti?"

Lero ndili ndi ana awiri, Mariamu ndi Yusufu, ndipo madzi abweranso. Sukulu ili tsidya. Sabata yatha ndinaona Mariamu ali panjanji, ndowa yanga pamutu, mlongo wake akumutsatira. Pamenepo mpamene ndinamvetsa: mwana wosenza sacheuka, ndipo sataya chimene make wamupatsa. Amaopa ife kuposa sitima.

Bambo awo amandiseka. "Mayi a Mariamu, akulembani ntchito yolondera njanji?"

Aseke. M'mawa uliwonse ndimawaperekeza anawo ndekha, makope awo ndamanga m'chitenje kumsana, dzanja ili mwana, dzanja ili mwana, makutu ali kumbuyo. Ndipo ndinawakhazika pamphasa, n'kuwayang'ana m'maso mmodzimmodzi.

"Tamverani. Chilichonse chimene ndakutumani, kaya ndowa kaya ufa, mukachitaya panjanji paja sindidzakumenyani. Mwamva? Bwerani opanda kanthu, bola mubwere."